Manda Oyamba a ku Matenti

Malemu Mayi Modester Makwinja anabadwa pa 9 Juni 1966 m'mudzi muno mwa Mbalika, m'tsinde mwa phiri la Likwanya, kumtunda kwa Nsanama, m'boma la Machinga. Anali mwana woyamba wa malemu Bambo ndi Mayi Kalitera. M'mimba imeneyo tinabadwamo anayi. Awiri anatisiya akadali makanda, tinatsala awiri, malemuwa ndi ine amene ndaima pano.

Abambo amene mwatitsogolera pa mapemphero, mafumu, a Shehe Uladi ndi abale athu achisilamu, a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi inu nonse amene mwabwera kudzatipepesa, landirani ulemu wanu. Ine ndine Clever Kalitera, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba pakhomo pano. Ndikudziwa zimene mwakhala mukunong'onezana chiyambire dzulo. Mwamva kuti adzukulu akumba manda awiri, ena kumtunda kuno kumene agona makolo athu, ena kumunsi ku Matenti kumene sikunaikidwepo munthu, ndipo mukufunsana kuti thupi limodzi lipita kuti. Ndikuuzani. Koma mundilole ndiyambire poyambira, chifukwa yankho lake lili m'mbiri yomweyi, ndipo mbali ina ya mbiriyi ndi yondichititsa manyazi ine ndemwe.

M'chaka cha 1973 malemu anayamba sukulu ya pulayimale ku Nsanama. Ankatsika phirili m'mawa uliwonse wapansi, opanda nsapato, ndipo zaka zitapita ankandikoka ndi ine dzanja, ine ndikulira njira yonse. Anali mwana wamakani, ndisakubisireni. Akuluakulu ankatiletsa kupita ku kasupe wa pamwamba paja, ati kumeneko ndi kumene amagona Napolo, njoka ija imene ikamasamuka imagumula phiri. Ana tonse tinkaopa. Achemwali anga anapitako okha ali Sitandade 5, nabwerako ndi chigubu cha madzi, n'kunena kuti njokayo sanaione koma nthaka yake ndi yofewa, phazi likumira. Anakwapulidwa tsiku limenelo, koma madziwo tinamwa.

Mu 1981 anakhoza mayeso a Sitandade 8 napita kusekondale ku Balaka. Anaphunzira mpaka Fomu 2. Mu 1983 bambo athu anamwalira, sukulu inathera pomwepo, ndipo malemu anabwerera kumudzi kudzathandiza mayi. Mu 1985 anapeza ntchito kunazale ya mitengo kuboma ku Machinga, yothira dothi m'timachubu ndi kuthirira mbande. Anagwira zaka zitatu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti muzu wa mtengo ndiwo umagwira dothi la paphiri, phunziro limene anativutitsa nalo moyo wawo wonse.

Pa 20 Ogasiti 1988 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Blasius Makwinja, alamu anga amene akhala apowa. Alamu ankagwira ntchito m'gulu lokonza njanji ku Nkaya, choncho banjali linakakhala komweko zaka khumi ndi zitatu. Mulungu anawapatsa ana aakazi atatu: Thandizo, Martina ndi Gladys. Malemu ankagulitsa chinangwa chophika ndi mtedza pasiteshoni, ndipo masana ankapititsa chakudya kumene gulu la amuna awo likugwira ntchito. Amayi ena akapereka chakudya ankabwerera. Iwo ankatsalira n'kumafunsa mafunso mpaka kapitawo kutopa nawo. Anaona kuti pamalo pamene njanji yadutsa pamtumbira wa dothi, amuna aja akakayikira kuti dothilo likutsetsereka, ankakhoma zikhomo ziwiri, china uku china uko kwa mng'alu, n'kumanga chingwe pakati. Chingwe chikalimba ndiye kuti dothi likuyenda. Chikaduka, sitima isadutse. Alamu amanena kuti akazi awo anaimvetsa nzeru imeneyi kuposa ena amene ankalandirirapo malipiro.

Mu 2001 ntchito ya alamu inatha ndipo banjali linabwerera kuno, kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wathu. Malemu anapeza phiri litametedwa mpala. Mibawa ndi misuku imene anaisiya inali itapita ku Liwonde ndi ku Balaka m'matumba a makala, ndipo minda inali itakwera mpaka pafupi ndi kasupe uja. Mmodzi mwa ometa phirilo ndinali ine. Munda wanga wa chinangwa ndiwo unali pamwamba pa minda yonse. Apa mumvetsetse, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ine sindinapite kuchikamwini. Mayi anandisunga pakhomo kuti ndiyang'anire mbumba, mkazi wanga ndinachita kubwera naye kuno, ndipo mundawo anangondibwereka. Tonse tikudziwa kuti kuno nthaka ndi ya ana aakazi. Choncho kuyambira tsiku limene achemwali anatsitsa katundu wawo, ine ndinkagona ndi mantha akuti tsiku lina adzaufuna mundawo kuti apatse ana awo. Sananenepo zimenezo ngakhale kamodzi. Manthawo ndinkadzipangira ndekha.

Mu Januwale 2015, madzi atasefukira m'madera ambiri, mudzi uno unauzidwa kusankha komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Malemu anasankhidwa kukhala wapampando, Mayi Saida mlembi. Ena tinkati ndi komiti yodikira ufa wa chithandizo. Tinalemba m'madzi. Achemwali anayamba kutiyendera khomo ndi khomo, ndipo mawu awo ambiri a inu mungathe kuwanena pamtima. Mtengo ukayamba kupendekeka wokha, nenani. Chitseko chimene chinkatsekeka bwino chikayamba kukana, nenani. Kasupe akatulutsa madzi amatope, kapena madzi akatumphuka pamalo pamene sipanatulukepo madzi, musagone. Phiri likalira, musathawire kumunsi motsata khwawa, thawirani cham'mbali, kumtumbira wa kusukulu. Analemba mayina a nkhalamba ndi olumala onse, aliyense n'kumupatsa munthu womubereka tsiku la ngozi. Anapangana ndi a Shehe Uladi kuti chimkuzamawu cha kumzikiti chidzakhala chochenjezera mudzi wonse, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, ndipo a Shehe analonjeza kuti batire lake silidzakhala lopanda moto nyengo ya dzinja. Anatibzalitsa vetiva ndi nsungwi m'makwawa, anatikumbitsa migula yopingasa phiri, anatikaniza mizere yotsetsereka. Tinawapatsa dzina lakuti Anaphiri-likugwa. Ankayankha ndithu mukawaitana choncho.

Mu Januwale 2022, itatha mvula ya namondwe Ana, pamwamba pa munda wanga panaoneka mng'alu. Unali waung'ono, wongolowa chala, koma wautali kuyambira pamwala waukulu uja mpaka kukhwawa. Ine ndinaukwirira ndi khasu. Malemu anaufukula. Mu Disembala chaka chomwecho anatenga zitsulo zinayi zimene alamu anabwera nazo kuchokera ku Nkaya, anazipaka laimu, nazikhoma ziwiriziwiri uku ndi uko kwa mng'aluwo, n'kumanga zingwe. Anaitana komiti, anandiitananso ine, nafotokoza kuti Mayi Saida kapena iwo azikwera m'mawa uliwonse kukaona, ndipo tsiku limene chingwe chidzaduke, mudzi wonse udzasamukire kusukulu, kaya kunja kuli dzuwa.

Ndinamva ndithu, makutu ndili nawo. Koma inu nonse ndinu alimi, ndiuzeni: munthu akakhoma zikhomo zopaka laimu m'munda mwanu, pamaso pa mboni, kuno kwathu zimatanthauza chiyani? Ine ndinaona malire. Ndinati nkhani ya chingwe ndi yongophimbira, achemwali ayamba kudulira Thandizo munda. Ndipo Thandizo anali atangomanga nyumba yake kumtunda, m'munsi mwenimweni mwa mundawo, zimene zinandikwanira ngati umboni.

Pa 20 Febuluwale 2023 malemu anapita ku Balaka kukadikirira Gladys, amene anali woyembekezera mwana wake woyamba. Patapita masiku atatu ine ndinakwera kumunda, ndinadula zingwe, ndinazula zitsulo zonse zinayi, n'kukazibisa pansi pa nkhokwe yanga. Mawa lake Mayi Saida anabwera kudzandifunsa mwaulemu. Ndinawayankha kuti nkhani ya munda wa mayi anga asailowerere. Mayi Saida, muli pompano, mukudziwa kuti sindikunama, ndipo mawu amene ndinagwiritsa ntchito anali oipa kuposa amenewa. Komiti inachita zimene aliyense wa ife akanachita: nkhani ya munda pakati pa munthu ndi mlongo wake, wapadera saikapo mlomo. Anawaimbira foni malemu. Malemu anati zoterezi sakambirana pafoni, abwera okha adzakhale pansi ndi mlongo wawo. Koma Gladys anachira movutikira, anachita kumung'amba, ndipo mayi sakanamusiya. Milungu iwiri ndi theka mng'alu unakhala wopanda chingwe.

Za Malichi 2023 sindifunika kukuuzani zambiri, munalipo. Mvula ya namondwe Freddy inayamba kumapeto kwa sabata ndipo sinakate. Lolemba pa 13 Malichi malemu anasiya mwana ndi mdzukulu ku Balaka, anakwera chilichonse chimene chinkayenda mpaka pa Nsanama, kuchokera apo anayenda wapansi m'matope. Sanalowe m'nyumba. Anapitirira kuphiri, ndipo anapeza mng'alu uja utayasama moti mwendo unkalowa mpaka m'bondo, madzi akuthiramo. Anatsika akuthamanga, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka kumzikiti. Cha m'ma 2 koloko masana tinamva mawu a Shehe pachimkuzamawu, pa nthawi imene si ya swala, akunena m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti aliyense atuluke, athawire kusukulu. Anthu anatuluka. Obereka nkhalamba anabereka nkhalamba zawo monga analembedwera. Sipanathe theka la ola, phiri linalira.

Nyumba zisanu za kumtunda zinapita. Anthu oposa zana anapulumuka tsiku limenelo chifukwa cha miyendo ya mayi agona apawa. Koma anayi sanapulumuke: a Akimu ndi akazi awo a Ramla, ndiponso Thandizo ndi mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu kumsana. Thandizo ndiye analembedwa kuti adzathandize a Ramla, amene sankaona. Anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa, anabwerera kukawatenga. Tinawapeza Lachinayi, kumunsi kwa khwawa, tikufukula ndi makasu ndi manja.

Alamu anga amene anagwira ntchito ya zingwezi zaka zambiri anandiuza pambuyo pake, osadziwa kuti akulankhula ndi wozula, kuti mng'alu sufika m'bondo tsiku limodzi. Chingwe chija chikanakhalapo chikanaduka Loweruka kapena Lamulungu, ndipo Lolemba likanatipeza tonse tili kusukulu. Alamu, lero mwamva amene anazula. Akazi anu ankadziwa, Mayi Saida ndi a komiti ankadziwa, ndipo onsewo anandisungira chinsinsi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Malemu sanandinenepo, pagulu kapena patokha. Ankadziimba mlandu okha, ati akanabwera msanga kuchokera ku Balaka. Ndinkawamva akunena zimenezo ine n'kukhala chete. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, koma kukhala chete kumeneko kwandidya kuposa matenda.

Mu Epulo 2023 akuluakulu a zangozi anabwera, anayendera phiri, nanena kuti mbali ino siyoyeneranso kukhalamo anthu. Mafumu anatipatsa malo kumunsi, kufupi ndi msewu wa ku Nsanama, kumene tinayamba takhala m'matenti, ndipo dzina lakuti ku Matenti linakanirira. Tinapitako mabanja makumi awiri ndi atatu. Pofika mwezi wa Ogasiti, mabanja khumi ndi anayi tinali titabwerera kuno. Ndikuti tinali, chifukwa woyamba kunyamula mphasa ndinali ine. Zifukwa tinali nazo. Ku Matenti mjigo ndi umodzi, dothi ndi lamchenga, mthunzi kulibe. Kuno kuli mango athu, nthochi zathu, kasupe wathu. Koma chifukwa chachikulu ndinachinena ine pamsonkhano, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinati mudzi wopanda manda ndi msasa chabe, munthu sangasiye mayi ake ndi ana ake ali m'dothi kuno n'kukadzitcha mwini mudzi kumalo kumene sanalirepo maliro. Malemu anandiyang'ana nthawi yaitali tsiku limenelo.

Iwo ndi alamu anatsala ku Matenti, anaumba njerwa, anamanga. Koma phiri sanalisiye. Mu Novembala 2023 anapeza mng'alu wachiwiri, kumtunda kwa manda a makolo athu, pamwamba penipeni pa nyumba khumi ndi zinayi zimene tinabwereramo. Anakhoma zikhomo zina, za mtengo ulendo uno, ndipo anayamba abwera kwa ine kudzapempha chilolezo, atagwada, ngati kuti dothilo si lawo. Dzinja limenelo mvula inavuta, chimanga chinapserera, mng'alu sunasunthe. Ife tinati mwaona, Napolo anadutsa kale, sabwerera njira imodzi kawiri. Malemu ankati phiri silinachire, langosowa madzi.

Mu Meyi chaka chino cha 2024 anayamba kudandaula m'mimba ndi msana. Anapita kuchipatala ku Liwonde, kumene anawatumiza ku Zomba, ndipo mu Julayi madokotala anapeza khansa imene inali itafalikira kale. Anayesetsa, tikuwathokoza. Mu Seputembala anawabweza kunyumba. Ngakhale pamenepo, Mayi Saida akatsika kuphiri ankayamba adzera kwa malemu kukanena za chingwe asanapite kwawo, ndipo akachedwa ankatumiziridwa uthenga. Wayilesi itayamba kulengeza kuti dzinja likubwerali mvula ikhala yambiri, odwalawo anasiya kugona tulo.

Pa 3 Novembala anatiitanitsa, ine, alamu, Martina ndi Gladys. Anali ataonda kwambiri koma mutu unali wawo. Ndinena mawu awo monga anawanenera, chifukwa ndinalonjeza. Anati: “Achimwene, munanena kuti mudzi wopanda manda ndi msasa. Munanena zoona, ine ndinalibe poyankha. Ndiye mukandiike ku Matenti, mukhale ndi manda.” Alamu analira, anati iyayi, mayi agone pafupi ndi mwana wake, malo tinasiya kale pambali pa Thandizo. Malemu anati: “Thandizo sangafenso kawiri. Amene angafe ndi awo akugona pansi pa chingwewo.” Kenaka anatulutsa ena onse, natsala ndi ine. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zitsulo zija zili pansi pa nkhokwe ndisazitaye, n'zolimba, zidzagwira ntchito. Mawu okhawo ndi amene ananenapo pa nkhani imeneyo moyo wawo wonse, ndipo anawanena akumwetulira.

Malemu anatisiya Lolemba pa 18 Novembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kunyumba kwawo ku Matenti, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Mukanayembekeza kuti munthu amene anamva mawu amenewo achita zimene anauzidwa. Iyayi. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ine imodzi sinandikwanire. Ndinalamula kuti thupi libwere kuno, siwa ikhale pakhomo la mayi athu. Akuluakulu a banja titakhala pansi, mayi athu aang'ono, amene ndi okhawo atsala pa mbadwo wawo, anati chiyambire sanaonepo mwana wamkazi wa pamudzi pano akukaikidwa kutchire ngati mlendo wofera paulendo, ndipo mawu a munthu wodwala satsatidwa onse. Ambiri anavomereza. Martina ndi Gladys anakana, koma ndi ana. Ine ndinaopa kutchedwa munthu amene anataya mlongo wake, ndipo dzulo m'mawa ndinatuma adzukulu kumanda a kumtunda.

Adzukulu ali pano, akhoza kundikonza ngati ndikuwonjeza. Anakumba mpaka m'chiuno. Pamenepo dothi linayamba kutuluka lonyowa, lofinyika m'manja, kenaka madzi anayamba kudzera m'mbali, ndipo khoma la kumtunda linagumukira m'dzenjemo, mmodzi wa iwo anachita kumukoka. Mvula yagwa kawiri kokha chaka chino, Lachinayi ndi Loweruka lapitali. Ena mwanena kuti malemu akukana manda. Mwina. Koma mwini wakeyo akanakhala moyo akanakusekani, akanati si mzimu, ndi madzi akuyenda pansi pa dothi pamene sankayenda kale, ndipo akanakufunsani kuti ndinakuuzani kuti mukaona zotere muzitani.

Lero m'mawa, kutangocha, ndakwera kuphiri ndi Mayi Saida. Aka n'koyamba kuti ndipite kukaona chingwe ndi maso ofuna kuona. Mwezi watha Mayi Saida ankatha kuchitsina n'kuchikweza, chinali cholendewera. Lero chalimba ngati nsambo ya banjo, ndipo ulusi wake wina wayamba kuthothoka. Mng'alu umene unkalowa zala ziwiri, lero ndalowetsamo dzanja lonse. Mtengo wa mthethe uli pambali pa manda a mayi athu wapendekera kumunsi. Amene akukayika akwere akaone, si patali, ndi pamwamba pomwepa pamene takhala tonsefe.

Choncho yankho ndi ili. Tikatha mapemphero, bokosi likatuluka pakhomo pano, silikhotera kumtunda. Litsika. Malemu akagona ku Matenti, pamalo amene mafumu apatula dzulo madzulo manda a kumtunda atagumuka, mbali ina ya Akhristu, mbali ina ya Asilamu, ndipo manda awo ndiwo akhala oyamba. Sindinena kuti banja lonse lagwirizana, ndinganame pamaso pa mtembo. Mayi aang'ono sanandilankhule chiyambire m'mawa, ndipo ndikuwamvetsa. Alamu avomera akulira. Inenso mtima ukundiwawa kusiya mayi anga ndi Thandizo kumtunda kuno, osadziwa ngati manda awo adzakhalapobe pofika Epulo. Ulendo ndi wautali, pafupifupi makilomita anayi, dzuwa ndi ili. Okalamba akwere matola imene yaima kusukulu.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Blasius Makwinja. Asiya ana awiri, Martina ndi Gladys, ndi zidzukulu zisanu, ziwiri mwa izo ndi ana amasiye a Thandizo amene ankaleredwa ndi malemuwa. Asiya mayi awo aang'ono, ndi ine mlongo wawo. Papepala limene ana anandilembera mayina athera pamenepa, koma ine ndiwonjezera. Asiyanso mabanja khumi ndi anayi, anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, amene usiku wathawu agona pansi pa chingwe chija. Mayina awo onse ali m'kope la malemu, aliyense ndi womubereka wake. Kopelo lili ndi Mayi Saida.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino a ku Liwonde ndi ku Zomba. Ndithokoze amayi a mphakati amene ankasinthana kugona ndi odwala, ndi amayi achisilamu amene ankatunga madzi ndi kuphika ngati kuti wodwalayo ndi wa kumzikiti kwawo. Ndithokoze a Shehe Uladi, amene andiuza m'mawa uno kuti batire lili ndi moto. Ndithokoze mafumu chifukwa cha malo, akwaya chifukwa cha nyimbo, ndi onse amene mwabweretsa ufa, nkhuni ndi chipepeso. Adzukulu, takukumbitsani kawiri chifukwa cha kuuma mutu kwanga, mundikhululukire. Mayi Saida, ndinakunyozani pakhomo panga mukugwira ntchito yopulumutsa ana anga omwe, ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Kwa ana a malemu a Akimu ndi a Ramla, ndi kwa bambo wa ana a Thandizo, ndilibe mawu okwanira. Ndibwera kumakomo kwanu ndi akuluakulu maliro akatha, ndipo chimene mudzanene ndidzachilandira.

Mwambo wa mawa wosesa ndi kumeta sudzachitikira pano, udzachitikira ku Matenti. Mukafika kumeneko muona zitsulo zinayi zopaka laimu zitakhomedwa pafupi ndi nyumba ya alamu. Ndazifukula pansi pa nkhokwe, ndazikhoma ndekha ndisanabwere kudzaima pano. Ulendo uno ndi malire enieni, a nyumba yanga. Ine ndi banja langa sitigonanso kuno kuyambira lero, ngakhale kukhale kugona pansi pa lona. Enanu khumi ndi atatu sindingakulamuleni, ndine munthu womaliza amene angakuuzeni za nzeru. Munanditsatira pokwera. Ndikungokukumbutsani kuti chifukwa chimene ndinakupatsani chija chitha lero, dothi likangothiridwa pabokosi ili.

Achemwali, zaka zonsezi mwagona khutu limodzi lili kuphiri chifukwa cha ife. Kumene tikukuperekezaniku ndi pachidikha, kulibe chokugwerani. Gonani tsopano, chingwe tiziyang'ana ndife. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.